Kodi Chipatala Chabwino Chimadziŵika Bwanji?

Palibe chipatala chimene chilibe mbiri. Pachitsime, kuchigayo, pamaliro ngakhale m'basi, anthu amakambirana za zipatala za m'dera lawo monga momwe amakambirana za mvula ndi mitengo ya chimanga. Wina amayamikira chipatala chakuti chifukwa anamwino ake ndi aulemu, pamene mnzake amanyoza chipatala chomwecho chifukwa adakhala pamzere kuyambira m'mamaŵa mpaka dzuŵa kupendeka. Wina amakonda kumene kuli nyumba zatsopano zopaka laimu, wina amathamangira kumene sachedwa kubaya jakisoni.

Onseŵa amanena zimene adaona. Koma mbiri yotere siingathandize Unduna wa Zaumoyo kudziŵa kumene kukufunika anamwino ena, ndiponso siingauze mkulu wa chipatala chimene chikupha odwala m'wodi yake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nchifukwa chake akatswiri a zaumoyo adakonza njira zoyezera ntchito ya chipatala. Njirazi zili m'magulu aŵiri. Gulu loyamba ndi kuŵerenga zimene zikuchitikira odwala. Gulu lachiŵiri ndi kufunsa odwalawo zimene adakomana nazo.

KUFIKA KUCHIPATALA SIKUCHIRA

Kwa zaka zambiri uthenga waukulu wa zaumoyo udali wakuti anthu azipita kuchipatala, ndipo anthu adamva. Kafukufuku wa Boma wa za umoyo ndi chiŵerengero cha anthu adapeza kuti m'chaka cha 1992 ana 55 mwa ana 100 aliwonse m'Malaŵi ankabadwira kuchipatala. Pofika 2010 adali 73, ndipo pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adafika 91. Imfa za amayi chifukwa cha uchembere zidatsika kuchoka pa 1,120 mwa ana 100,000 obadwa amoyo pa kafukufuku wa 2000 kufika pa 439 pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Kutsikaku nkwakukulu, komabe amayi 439 ngochuluka kwambiri m'dziko limene pafupifupi mayi aliyense ankachirira m'manja mwa azamba. Funso lidasintha. Poyamba linkati, kodi mayiyo adafika kuchipatala? Tsopano likuti, kodi atafika adamchitira chiyani?

Bvutoli nla maiko ambiri. M'chaka cha 2018 gulu la akatswiri lidafalitsa m'magazini ya Lancet Global Health zotsatira za kafukufuku wokhudza maiko 137 osauka ndi osaukirapo. Lidapeza kuti anthu pafupifupi 8.6 miliyoni amafa chaka chilichonse ndi matenda oti akadatha kuchizidwa. Mwa anthu ameneŵa, 3.6 miliyoni amafa chifukwa sadapite kukalandira chithandizo, pamene 5 miliyoni amafa atapita koma chithandizo chimene adalandira chidali chosakwanira kapena cholakwika. Motero kuyeza ntchito ya chipatala nkhani yake ndi ya moyo ndi imfa.

AMENE ADAYAMBA KUŴERENGA

Nzeru yoŵerenga zochitika m'chipatala idayamba kale. Pa chipatala chachikulu cha mu mzinda wa Vienna, ku Austria, padali mawodi aŵiri ochiriramo amayi. M'wodi yoyamba munkagwira ntchito madokotala ndi ophunzira udokotala, m'wodi yachiŵiri munkagwira azamba. Dokotala wina wochokera ku Hungary, dzina lake Ignaz Semmelweis, ataŵerenga m'kaundula adaona kuti m'wodi ya madokotala munkafa amayi pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse ndi matenda otentha thupi a m'chikuta, pamene m'wodi ya azamba munkafa pafupifupi 4. Mu Epulo 1847 imfa m'wodi ya madokotala zidafika 18 mwa 100. Semmelweis adazindikira kuti madokotalawo ankachoka kong'amba mitembo nkupita kukayeza amayi oyembekezera, chinthu chimene azamba sankachita. Mu Meyi chaka chomwecho adalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kalorini asanakhudze mayi. Mu Juni imfa zidatsika kufika pafupifupi 2 mwa 100. Nthaŵi imeneyo anthu adali asanadziŵe bwino za tizilombo toyambitsa matenda, koma manambala a mawodi aŵiri aja adaloza pamene padali bvuto.

Patapita zaka zisanu ndi ziŵiri, mu Novembala 1854, Florence Nightingale adafika ndi anamwino 38 pa chipatala cha asilikali a Britain ku Scutari, m'dziko la Turkey, nkhondo ya ku Crimea ili m'kati. Iye adalemba mosamala chiŵerengero cha ogonekedwa, cha omwalira ndi chimene chidawapha. Zidaoneka kuti asilikali ambiri sankafa ndi mabala a kunkhondo koma ndi kolera, kamwazi ndi taifodi. Mu Febuluwale 1855 imfa zidafika pafupifupi 42 mwa odwala 100. Mu Malichi Boma la Britain lidatumiza akatswiri a zaukhondo amene adatsegula ngalande za zonyansa zimene zidatsekeka, adachotsa nyama zakufa, adakonza madzi ndi kuloŵetsa mpweya m'mawodi. Pofika Juni imfa zidali pafupifupi 2 mwa 100. Atabwerera kwawo, Nightingale adalimbikira kuti zipatala zonse zizilemba manambala awo m'njira yofanana kuti kukhale kotheka kuzifanizira.

Wachitatu ndi Ernest Codman, dokotala wa opaleshoni wa ku Boston, ku America. Iye ankati dokotala aliyense azitsatira wodwala wake kwa chaka chathunthu kuti adziŵe ngati chithandizo chidagwira ntchito, ndipo ngati sichidagwire afufuze chifukwa chake. Anzake ambiri adadana nayo nzeruyi. Codman adatsegula chipatala chakechake, ndipo adafalitsa poyera kuti mwa odwala 337 amene adatuluka m'chipatalamo pakati pa 1911 ndi 1916 padapezeka zolakwika 123. Ntchito yake idathandiza kuti bungwe la madokotala a opaleshoni ku America liyambe kuyendera zipatala. Pa ulendo woyamba m'chaka cha 1918, mwa zipatala 692 zimene zidayenderedwa, 89 zokha ndizo zidakwanitsa miyeso yochepetsetsa imene bungwelo lidaika.

MAFUWA ATATU

Amene adasanja bwino nzeru zonsezi ndi Avedis Donabedian, dokotala wobadwira ku Beirut amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Michigan. M'chaka cha 1966 iye adalemba kuti ubwino wa chithandizo uyenera kuyezedwa pa zinthu zitatu, ndipo zitatuzi zili ngati mafuwa: likasoŵa limodzi mphika sukhazikika.

Fuwa loyamba ndi zimene chipatala chili nazo: nyumba, mabedi, madzi, magetsi, zimbudzi, mankhwala, magazi, mpweya wa okosijeni, ambulansi ndi anthu ogwira ntchito ophunzitsidwa bwino. Izi nzosabvuta kuŵerenga. Woyendera chipatala angathe kuloŵa m'nyumba yosungiramo mankhwala nkuona kuti mankhwala a malungo adasoŵa masiku angati mwezi wathawu, kapena kutsegula mpopi wa m'chipinda chochiriramo amayi nkuona ngati mukutuluka madzi.

Fuwa lachiŵiri ndi zimene ogwira ntchito amachita. Kodi mwana wotentha thupi adayezedwa magazi asanapatsidwe mankhwala a malungo? Kodi mayi amene ali pa matenda a uchembere akulembedwa pa tchati choonetsa mmene matendawo akuyendera? Kodi adabayidwa mankhwala oletsa kutaya magazi mwana atangobadwa? Kodi namwino adasamba m'manja pochoka pa wodwala wina kupita pa wina? Chipatala chingathe kukhala ndi sopo ndi madzi koma ogwira ntchito osasamba m'manja, monga momwe nkhokwe ingadzalire chimanga koma ana nkumagona ndi njala.

Fuwa lachitatu ndi zotsatira zake: angati adachira, angati adamwalira, angati adachita mafinya pa bala la opaleshoni, angati adabweranso ndi bvuto lomwelo atatulutsidwa. Apa mpamene pagona cholinga chenicheni cha chipatala. Komabe zotsatira zokha sizinena chimene chidalakwika. Imfa zikachuluka, pamafunika kubwerera ku mafuwa aŵiri oyamba aja kuti chifukwa chake chidziŵike.

KAŴERENGEDWE KAKE

Lamulo loyamba nlakuti nambala yokha siinena kanthu pokhapokha itafanizidwa ndi chiŵerengero cha odwala onse. Mwachitsanzo, chipatala china chigoneke odwala 200 pamwezi nkumwalira 10, china chigoneke 1,000 nkumwalira 30. Munthu womva maliro okha anganene kuti chachiŵiricho nchoipa. Koma m'choyambacho mwafa anthu 5 mwa 100 aliwonse, pamene m'chachiŵiri mwafa 3.

Miyeso ina imene zipatala zimasunga mwezi ndi mwezi ndi iyi. Kudzaza kwa mabedi: wodi ya mabedi 40 ikagoneka odwala 60, ndiye kuti ena ali pansi kapena aŵiriaŵiri pabedi, ndipo matenda opatsirana savuta kufala. Masiku amene wodwala amakhala m'chipatala: akachuluka kwambiri, mwina zotsatira za kulabotale zikuchedwa kapena mabala akuchita mafinya, akachepa kwambiri, mwina odwala akutulutsidwa asanachire. Imfa zochitika pasanathe maola 24 wodwala atagonekedwa: izi zimaonetsa ngati odwala akufika mochedwa kapena ngati akuchedwa kuthandizidwa atafika. Ana obadwa akufa amene khungu lawo likadali labwinobwino: kaŵirikaŵiri ameneŵa amakhala atafa matenda a uchembere ali m'kati, ndipo chiŵerengero chawo chimaonetsa mmene amayi akuyang'aniridwa m'chipinda chochiriramo.

Manambala onseŵa amachokera m'kaundula amene namwino kapena kalaliki amalemba tsiku ndi tsiku. Kaundula akalembedwa mwaulesi kapena mongopeka kumapeto kwa mwezi, lipoti lonse limene lipite ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi ku likulu la Unduna limakhala labodza, ndipo mankhwala ndi anthu ogwira ntchito zimatumizidwa kolakwika.

ZITSANZO ZA KUNO KWA MALAŴI

Chitsanzo chodziŵika kwambiri chidachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre. Kale ana odwala ankaonedwa motsata mzere, wofika koyamba ndiye woyamba kuthandizidwa, ngakhale kumbuyo kwa mzere kuli mwana wokomoka. Madokotala a ana, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, adaona kuti ana ambiri ankafa atangogonekedwa kumene. M'chaka cha 2001 adakonza malo atsopano olandirirapo ana ndipo adaphunzitsa ogwira ntchito kusankha ana malinga ndi kukula kwa matenda: wobanika, wokomoka kapena wotha madzi m'thupi athandizidwe nthaŵi yomweyo, wodwalika pang'ono atsatire, enawo adikire. Lipoti limene lidatuluka m'chaka cha 2006 lidaonetsa kuti imfa za ana ogonekedwa, zimene zinkakhala pakati pa 10 ndi 18 mwa 100, zidatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Mwa imfa zonse, zochitika pasanathe maola 24 zidatsika kuchoka pa 36 mwa 100 kufika pafupifupi 13. Padalibe mankhwala achilendo amene adabwera. Chimene chidasintha ndi kayendetsedwe ka ntchito, ndipo manambala ndiwo adatsimikiza kuti kusinthako kudathandiza.

Chitsanzo china ndi cha chifuwa chachikulu. M'zaka za m'ma 1980 Malaŵi, Tanzania ndi Mozambique adali ena mwa maiko oyamba kugwiritsa ntchito njira imene adakonza Dokotala Karel Styblo. Wodwala aliyense amalembedwa m'kaundula, ndipo pa miyezi itatu iliyonse oyang'anira amaŵerenga kuti mwa amene adayamba mankhwala pamodzi, angati adachira, angati adamwalira, angati mankhwala adalephera ndipo angati adasiyira panjira. Motero boma limene odwala ake ambiri akusiyira panjira limadziŵika msanga. M'chaka cha 1991 msonkhano waukulu wa Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse, la WHO, udaika muyeso wakuti odwala 85 mwa 100 aliwonse opezeka ndi chifuwa chopatsirana azichira. Pamene Malaŵi adayamba kugaŵa mankhwala otalikitsa moyo m'dziko lonse m'chaka cha 2004, adatengera kaŵerengedwe komweka.

Mu Febuluwale 2017, mu mzinda wa Lilongwe, maiko asanu ndi anayi pamodzi ndi mabungwe a WHO ndi UNICEF adakhazikitsa mgwirizano wokweza chisamaliro cha amayi ndi ana. Maikowo ndi Bangladesh, Côte d'Ivoire, Ethiopia, Ghana, India, Malaŵi, Nigeria, Tanzania ndi Uganda. Adalonjeza kuyesetsa kuchepetsa ndi theka imfa za amayi ndi makanda m'zipatala zosankhidwa m'zaka zisanu. Chofunika kudziŵa nchakuti miyeso ya WHO imene mgwirizanowu udatsata imaika ulemu, kulankhulana bwino ndi wodwala ndi kumlimbitsa mtima pa mlingo umodzi ndi mankhwala ndi luso la mzamba.

WAMVA M'MIMBA NDIYE ATSEKULA CHITSEKO

Pali zinthu zimene kaundula sangalembe. Kaundula sanena kuti mayi adabvulidwa pamaso pa anthu popanda chotchinga, kuti nkhalamba idakalipiridwa chifukwa chosamva msanga, kuti wodwala adaitana usiku wonse popanda womuyankha, kapena kuti wina adauzidwa kupereka ndalama pa chithandizo chaulere. Wodziŵa izi ndi wodwala yekha ndi womdwazika.

Ena amaganiza kuti kukondweretsa wodwala nchinthu chapamwamba chabe, chongoonjezera. Koma wodwala amene sadamvetse kamwedwe ka mankhwala amamwa molakwika. Amene adanyozedwa sabweranso tsiku limene adauzidwa, ndipo amauza mudzi wonse. Mayi amene adatukwanidwa pa mimba yoyamba amachedwetsa dala ulendo wa kuchipatala pa mimba yachiŵiri. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku London adasanthula kafukufuku 55 wochitika m'malo osiyanasiyana, ndipo adapeza kuti kaŵirikaŵiri kumene odwala amasimba zabwino za chisamaliro nkomwenso chithandizo chimakhala chogwira mtima ndi chosaika moyo pangozi.

Koma kufunsa odwala kuli ndi luso lake. Munthu wolemekeza akafunsidwa pakhomo pa chipatala ndi munthu wobvala yunifomu kuti, "Kodi mwathandizidwa bwino?" amayankha kuti, "Inde, zikomo kwambiri," ngakhale mtima ukuŵaŵa. Amaopa kuti akadandaula, maŵa adzakomana ndi namwino yemweyo. Ena amaganiza kuti chinthu chaulere sachidandaula. Enanso adazoloŵera zochepa, mwakuti akangopeza mankhwala amaona ngati zonse zayenda. Nchifukwa chake kafukufuku wofunsa funso limodzi lokhalo amapeza kuti pafupifupi aliyense ngokhutira, ndipo akuluakulu a chipatala amagona tulo tabodza.

Njira yabwino ndiyo kufunsa zimene zidachitika, osati mmene mtima udamvera. Mudafika nthaŵi yanji ndipo mudaonedwa nthaŵi yanji? Kodi adakuuzani dzina la matenda anu? Mankhwala aŵa muzimwa kangati patsiku? Kodi mudapatsidwa mpata wofunsa? Kodi padali chotchinga pokuyezani? Kodi m'chimbudzi mudali madzi? Kodi adakuuzani zizindikiro zoti mukaziona mubwerenso msanga? Wofunsayo asakhale wogwira ntchito pa chipatala chomwecho, afunsire pamalo apadera, m'chilankhulo cha wodwala, ndipo asalembe dzina.

Ku America njira yotere idakhazikitsidwa m'chaka cha 2006 pa dzina lakuti HCAHPS. Odwala osankhidwa mwamaere amafunsidwa atabwerera kunyumba, pakati pa maola 48 ndi masabata asanu ndi limodzi atatuluka m'chipatala. Amafunsidwa kuti anamwino ndi madokotala ankawamvetsera ndi kuwafotokozera zinthu kangati, ngati chipinda chidali chaukhondo, ndiponso ngati usiku kudali bata. Kuyambira 2008 zotsatira za chipatala chilichonse zimaikidwa poyera, ndipo kuyambira 2012 gawo lina la ndalama zimene Boma limalipira zipatala limadalira zotsatirazi.

KUKONDWA SIKUCHIRA NTHAŴI ZONSE

Ngakhale zili choncho, mau a wodwala ali ndi malire. Wodwala angadziŵe ngati adalemekezedwa, koma sangadziŵe ngati mlingo wa mankhwala udali woyenera kapena ngati zipangizo za opaleshoni zidaphikidwa mokwanira. Ndiponso si zonse zimene wodwala amafuna zimene zili zomthandiza. Ambiri amakhulupirira kuti jakisoni amaposa mapiritsi, ndipo amachoka okwiya akauzidwa kuti chimfine sichifuna mankhwala opha mabakiteriya. Dokotala amene wakana kupereka mankhwala a malungo chifukwa magazi aonetsa kuti mulibe malungo wachita bwino, koma mwina wodwalayo sangamyamike.

Kafukufuku wina wa ku yunivesite ya California ku Davis, wofalitsidwa m'chaka cha 2012, adatsatira anthu oposa 50,000. Adapeza kuti amene adali okhutira kwambiri ndi chithandizo ndiwo ankagonekedwa kaŵirikaŵiri, ankaononga ndalama zambiri pa mankhwala, ndipo imfa pakati pawo zidali zochulukirapo kuposa pakati pa osakhutira. Izi sizitanthauza kuti kukhutira kumapha. Phunziro lake nlakuti chipatala chimene chimangothamangira kuyamikidwa chingathe kumapereka zimene anthu akufuna m'malo mwa zimene akusoŵa. Mankhwala ake ndi kufotokoza. Wodwala akauzidwa mofatsa chifukwa chimene jakisoni sakufunikira, kaŵirikaŵiri amamvetsa.

PAMENE MANAMBALA ASOKERETSA

Manambala nawonso angathe kunamiza. Chipatala chachikulu ngati Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Mzuzu Central chimalandira odwala okayakaya ochokera m'zipatala za m'maboma. Imfa zake sizingafanizidwe ndi za chipatala chaching'ono chimene chimatumiza kwina aliyense wodwalika. Kufanizira koyenera ndi kwa zipatala zofanana, kapena kwa chipatala chimodzi chaka chino ndi chaka chatha. Ndiponso pamene abale amatenga wodwala kuti akatsirizikire kunyumba, imfayo siilembedwa m'kaundula, ndipo chipatala chimaoneka ngati chikuchita bwino.

Choopsa kwambiri ndi pamene nambala isanduka cholinga. Izi zidachitika pa chipatala cha Stafford ku England pakati pa 2005 ndi 2009. Akuluakulu a chipatalacho adaika mtima pa kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito ndi kukwanitsa miyeso ya Boma, monga wakuti wodwala wobwera mwadzidzidzi asapitirire maola anayi asanagonekedwe kapena kutulutsidwa. Adachepetsa anamwino. Pa mapepala zinthu zinkaoneka bwino, mwakuti m'chaka cha 2008 chipatalacho chidapatsidwa ufulu wodziyendetsa chokha. Koma m'mawodi odwala ankasiyidwa m'zofunda zonyoŵa ndi mkodzo, ena osamwetsedwa madzi kapena kudyetsedwa. Amene adaumirira kuti zimenezi zifufuzidwe adali abale a odwala, motsogozedwa ndi Mayi Julie Bailey, amene mayi wawo adamwalirira m'chipatalamo m'chaka cha 2007. Lipoti la loya Robert Francis, limene lidatuluka mu Febuluwale 2013 ndi malangizo 290, lidapeza kuti madandaulo a odwala ndi a ogwira ntchito ankafika koma sankamveredwa.

Phunziro lina nlakuti manambala akamagwiritsidwa ntchito polanga, anthu amawabisa. Mzamba amene akudziŵa kuti imfa iliyonse ya mayi imubweretsera chilango amafunafuna njira yoti imfayo isalembedwe kwa iye, mwina potumiza mayi wokayakaya kuti akafere panjira. Nchifukwa chake malangizo a WHO pa kaunikidwe ka imfa za amayi amati pa zokambirana zotere pasatchulidwe maina ndipo pasakhale kulozana zala. Funso likhale lakuti chidalepheretsa nchiyani, kaya ndi magazi, mafuta a ambulansi, kuchedwa kuitana dokotala kapena kuchedwa kunyamuka kumudzi, ndipo achite chiyani kuti zisachitikenso. Kunyozera ntchito mwadala kuli ndi malamulo ake ndi mabungwe ake oweruza.

MUDZI NDI CHIPATALA PAMPHASA IMODZI

Njira ina yomvera mau a anthu idabadwira m'Malaŵi momwe muno. M'chaka cha 2002 bungwe la CARE lidakonza khadi loti anthu a m'mudzi azipatsira malikisi chipatala chawo. Amayi, abambo, achinyamata ndi mafumu amakhala m'magulu osiyana kuti aliyense alankhule momasuka. Amatchula mabvuto awo, monga kusoŵa kwa mankhwala, kuchedwa kutsegula chipatala kapena khalidwe la ogwira ntchito, nkupereka malikisi pa chilichonse. Ogwira ntchito pa chipatala nawonso amadzipatsa malikisi paokha ndi kutchula zimene zimawabvuta. Kenaka mbali ziŵirizi zimakomana pamaso pa akuluakulu a zaumoyo a m'boma, nkugwirizana zochita, wochita ndi tsiku lomaliza. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi amakomananso kuti aone ngati malikisi asintha.

Ubwino wa njirayi ngwakuti mbali zonse zimamva zimene sizinkadziŵa. Anthu amazindikira kuti namwino amene amamunena kuti ngwaulesi mwina ali yekha usana ndi usiku. Namwino naye amamva kuti mau amene iye amawayesa nthabwala amathaŵitsa atsikana ku sikelo. Kafukufuku wochitika m'zipatala 20 za m'boma la Ntcheu adapeza kuti kumene khadili lidagwiritsidwa ntchito, alangizi a zaumoyo ankayendera amayi oyembekezera kaŵirikaŵiri kuposa kumene silidagwiritsidwe ntchito. Njirayi idafalikira ku maiko ena ambiri.

M'chaka cha 2018 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi ofesi ya Ombudsman adakhazikitsa m'zipatala anthu olandira madandaulo. Palinso makomiti a anthu a m'dera amene amalumikiza chipatala ndi midzi. Mabokosi oponyamo maganizo ali ndi ntchito yake, koma amasiya kunja onse osadziŵa kulemba, ndipo bokosi limene silitsegulidwa kapena limene kiyi wake amasunga yemwe akudandaulidwayo ndi chokongoletsa khoma chabe.

UDINDO WA ALIYENSE

Mutu umodzi susenza denga. Ogwira ntchito m'chipatala ayenera kulemba m'kaundula zoona zokhazokha, pa nthaŵi imene zachitika, ndiponso kukhala pansi mwezi uliwonse kukambirana manambala a wodi yawo asanawatumize ku boma. Tchati chopachikidwa pakhoma la wodi, choonetsa imfa, mabala a mafinya ndi masiku amene mankhwala adasoŵa, chimaphunzitsa kuposa lipoti lotsekeredwa m'kabati.

Akuluakulu a zipatala asankhe miyeso yoŵerengeka imene angathe kuitsatira, yochokera pa mafuwa onse atatu, ndipo aonjezerepo mau a odwala. Akalandira dandaulo ayankhe, ndipo anthu auzidwe chimene chasintha, pakuti munthu amene wadandaula kaŵiri popanda yankho sadandaulanso kachitatu. Oyendera zipatala asamathere mu ofesi. Aloŵe m'chimbudzi cha odwala, m'khitchini, kumalo ogona odwazika matenda ndi kudzenje lotayako zinyalala, ndipo nthaŵi zina afike usiku kapena Lamulungu.

Odwala ndi abale awo ali ndi ufulu wodziŵa matenda awo, wofunsa za mankhwala amene apatsidwa, wosungiridwa chinsinsi ndi wolemekezedwa. Alinso ndi udindo wofika msanga, wosunga kabuku ka kuchipatala, womwa mankhwala monga adauzidwa ndi wolemekeza owathandiza. Akafunsidwa za chisamaliro chimene adalandira anene zoona, zabwino ndi zoipa zomwe, pakuti yankho laulemu lobisa bvuto limapweteka wodwala amene adzagone pabedi lomwelo maŵa. Amene ali ndi dandaulo apite nalo kwa wolandira madandaulo wa pachipatala, kwa mkulu wa chipatalacho, ku komiti ya m'dera kapena ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lawo, ndipo atchule tsiku, nthaŵi ndi wodi imene zidachitikira kuti nkhaniyo itheke kufufuzidwa.